Muvi wa Mphepo ndi Utsi wa Tsabola

Mlamu wanga, mng'ono wa malemu amuna anga, ndi amene anabwera ndi anzake awiri kudzaba kompyuta ya malemuwo masanasana, ine ndili kuchipatala. Ndalemba kuti mudziwe chitsiru chimene apongozi anga anabala chomaliza.

Amamutcha Pulofesa chifukwa cha magalasi amene anatola m'basi. Pulani yake anaikonzera m'bala, atakhala ndi Chimimba ndi Mafupa, botolo limodzi likuzungulira anthu atatu.

"Mabwana, apa pali dilu," anatero Pulofesa. "Achimwene anasiya kompyuta yoonera nyengo. Padenga pali kachitsulo kozungulira ndi mphepo, kamatumiza zonse pagalasi m'nyumba. Alamu aja amangoipukuta fumbi ngati chithunzi cha ukwati."

"Nanga galu uja?" anafunsa Mafupa. "Paja anandisainira kuthako."

"Tsabola wouma ndi tayala lakale. Utsi wake ngakhale mkango umapepesa."

Tsikulo anadumpha mpanda, Chimimba n'kusiya theka la buluku pawaya. Galu anali pa unyolo pakhomo, akuuwa ngati walipidwa. Pulofesa anazembera kuwindo la pabalaza, n'kusuzumira. Kompyuta inali yoyaka monga malemu ankaisiyira. Pagalasi panali chozungulira ngati wotchi, zilembo zinayi m'mbali, ndi muvi wofiira ukunjenjemera pachilembo cha kumadzulo.

Anabwerera kwa anzake mapewa ali m'mwamba.

"Mphepo ikupita kumadzulo. Tiyatsa moto kuno kum'mawa, ife tibisala kumbuyo kwake, utsi wonse upita kwa galu."

"Bwanji tingoponya fumbi m'mwamba tione kolowera?" anatero Chimimba.

"Iwe, za kuubusa wa mbuzi usabweretse pano. Ino ndi sayansi."

Muviwo umaloza kumene mphepo ikuchokera. Malemu ankanena zimenezi kwa aliyense wolowa m'nyumba, mpaka alendo ankasiya tiyi wosatha. Koma Pulofesa akabwera ankangomva kulira kwa mbale kukhitchini.

Anaunjika tsabola m'tayala pakhonde lopapatiza, pakati pa mpanda ndi bafa, pamene mphepo inali isanafike. Iwo analowa mkati mwenimweni, kothera khondelo, n'kunjuta. Mafupa anakhwatcha machesi n'kuponya.

Utsi unakwera pang'ono ngati ukuganiza. Kenako mphepo inakhota pangodya ya nyumba, n'kuutenga wonse kukawathira kumaso.

"Ukubwerera," anatero Mafupa, akutsokomola.

"Dikirani, mphepo ikudzikonza," anayankha Pulofesa, mamina ali pachibwano.

"Ikudzikonza ndi amako," anatero Mafupa.

Kutsogolo moto, kumbuyo khoma, kumbali waya. Pulofesa anavula magalasi kuti apukute maso, ndi dzanja lomwelo limene anafinyira tsabola. Anakuwa mpaka galu anasiya kuuwa, n'kukhala pansi kuti aonere bwino. Chimimba anayesa kulowera pawindo la bafa, mutu n'kudutsa, mimba n'kukana. Mafupa anamukoka miyendo, n'kutsala ndi theka lina la buluku lija m'manja.

Anansi anathamanga ndi zidebe poganiza kuti nyumba ikupsa. Anapeza amuna atatu akulira, akupempha madzi ndi apolisi, chilichonse chimene chingayambe kufika. Mayi wina wogulitsa makala anamuzindikira Pulofesa.

"Si alamu awo a mayi a pano awa? Pamaliro a mkulu wanu simunagwetse msozi ndi umodzi womwe, lero mwabwezera onse."

Kupolisi Pulofesa ananena kuti makinawo ndi onama, achimwene ake anawagula otchipa.

Tsopano akuchimuna akubwera mmodzimmodzi, zipewa m'manja, akuti ndikathetse mlandu chifukwa magazi ndi magazi. Akutinso kompyutayo ndimupatse ndithu, popeza wavutikira. Inu amene mwawerenga, ndiyankheni mosapita m'mbali: munthu wolephera kudziwa kumene mphepo ikuchokera ataima panja, ndimupatse makinawo akatani nawo?