Thireyi ya Mayi Gondwe Inabwerera Yolemera

Kutchalitchi kwathu ku Bethesda, akamagawana zoti aliyense abweretse pa chakudya cha pamodzi, ine masiku ano amangondipatsa madzi a m'mabotolo. Sanandiuze chifukwa, nanenso sindinafunse. Tonse tikudziwa.

Zinayambira kwa a Gary, mzungu wachikulire amene tayandikana naye nyumba kuno ku Gaithersburg. Bamboyu amakonda kukawombera mapepala kumalo ochitira masewera a mfuti, ndipo zipolopolo zake amaumba yekha m'garaji. Ali ndi poto wamagetsi wosungunulira mtovu, wokhala ndi kampopi kunsi kwake. Ukakweza chogwirira, mtovu umatsikira m'chikombole. Ukachisiya, kampopi kamatseka. Ndinkapita kukaonerera Loweruka, mpaka ndinayamba kudziyesa katswiri (ntchito yanga yeniyeni inali kumwa khofi wawo ndi kugwedeza mutu).

Nthawi yozizira yapitayi a Gary anachitidwa opaleshoni ya bondo. Anandipempha kuti ndiwasungunulire mtovu wakale umene anatolera, ndichotse litsiro, ndiuthire m'chikombole chawo cha tinjerwa kuti akachira adzaupeze wokonzeka.

"Zinthu ndi ziwiri zokha," anatero ali chigonere pampando. "Madzi asayandikire potoyu. Ndipo akayaka, musachokepo."

Ndinawauza kuti asadandaule, kwathu ndinakulira pafupi ndi wosula makasu. Sindinaname, kungoti ndinkangodutsapo popita kusukulu.

Loweruka m'mawa ndinakhazika poto uja pathebulo m'garaji mwanga, n'kutsegula chitseko kuti utsi uzituluka. Ndinavala magolovesi ndi magalasi ngati dokotala. Mtovu unasungunuka bwinobwino, ndinayengula litsiro pamwamba, unatsala ukuwala ngati siliva. Ndinaika chikombole pansi, n'kukweza chogwirira. Sipanatuluke kanthu. Mphepo yozizira ija inali itaumitsa mtovu wa m'kampopi.

A Gary zikatere amatenthetsa kampopiko ndi kamoto kagasi. Ine kamotoko ndinalibe, koma nzeru ndinali nazo. Ndinatenga waya, n'kumanga chogwirira chija m'mwamba pamsomali, kuti ndingokhala pampando n'kumadikira kuti kampopi katseguke kokha. Waya ndinamupotokola mwamphamvu ndi pulayala, monga munthu wosafuna ntchito yobwereza.

Apo foni inalira. Anali amalume ku Ntcheu. M'garaji mwanga mawu amaduladula, choncho ndinatuluka panja pang'ono.

Amene muli ndi amalume mukudziwa kuti moni wawo sadumphidwa. Anafunsa za ine, za mayi a Tadala, za Tadala mwiniwake, za chipale chofewa. Atafika pa nkhani ya mbuzi imene inadya chimanga cha a Nabanda, ndinamva kumbuyo kwanga tho, tho, tho. Kenako phokoso linasintha, n'kumamveka ngati mvula pamalata.

"Malume, foni ikuvuta," ndinatero, n'kuthamanga.

Kampopi kanali katatseguka ndi mtima wonse. Chikombole chinali chitadzaza, mtovu ukuyenda pathebulo kulunjika m'mphepete. Ndinagwira waya uja, koma munthu amene anamumanga anali wodziwa ntchito, ndipo pulayala sindinaione pomwe ndinaiponya. Ndinatolera chinthu choyamba chimene maso anga anaona: thireyi ya maenjemaenje yophikira makeke imene inali m'jumbo pamwamba pa firiji.

Thireyi imeneyi mkazi wanga anabwereka kwa Mayi Gondwe, wapampando wa amayi kutchalitchi, amene amuna awo amagwira ntchito ku embase. Anaigula kalekale ku Joni, ndipo yayenda nawo mayiko onse amene anatumizidwako. Amaitchula ngati mwana wawo woyamba.

Ndinailowetsa pansi pa kampopi, dzenje likadzaza n'kusuntha, likadzaza n'kusuntha. Pamene ndinkamasula waya n'kuti poto atauma. Koma kunena chilungamo, makeke anatuluka okongola, osalala kuposa a m'sitolo.

Atazizira ndinatembenuza thireyi kuti agwe. Sanagwe. Ndinaimenya ndi dzanja, kenako ndi nsapato, kenako ndi hamala. Thireyi inapindika, makeke ali phee. (A Gary anadzandifotokozera pambuyo pake kuti mathireyi ena owalawa amamatana ndi mtovu mpaka kalekale. Akanayamba ndi mfundo imeneyi.) Ndinaibwezera m'jumbo mwake, n'kupangana ndi mtima wanga kuti Lolemba ndikagula ina.

Masana omwewo galimoto inaima pakhomo. Anali Mayi Gondwe, akuti amadutsa popita kumsonkhano wa komiti.

"Bambo a Tadala, tatengani thireyi ija m'garaji," anatero mkazi wanga.

Chinthucho chinkalemera ngati batire ya galimoto. Ndinachinyamula m'manja ngati mphatso, ndikumwetulira, mitsempha ya m'khosi ili njoo. Mayi Gondwe anayang'ana jumbo ija, anaona kuti manja anga atanganidwa nayo kwambiri.

"Aa, mwavutikiranji? Mwaikamonso kanthu?"

Mkazi wanga anadabwa, kenako anandiyang'ana ndi maso amene ndinawaona komaliza pachinkhoswe. Anaganiza kuti mwamuna wake wakumbukira yekha kuti mbale ya eni sibwerera yopanda kanthu. Maso amenewo ndi amene ananditseka pakamwa.

"Ndi tochepa chabe, mayi," ndinatero.

Ndinakakamira kuiika ndekha m'buti. Iwo anathokoza, nati amayi amwera tiyi kumsonkhano.

Dzuwa lisanalowe foni ya mkazi wanga inalira. Ndinali kukhitchini, ndikutsuka kapu yotsuka kale. Ndinkangomva kuti, "Eya mayi. Ayi mayi. Ndiwafunsa mayi." Atadula anabwera, n'kuima pakhomo.

"Akuti anachita kunyamulira awiri kuchoka m'galimoto. Mayi Phiri anafika ndi mpeni. Akufunsa kuti munagwiritsa ufa wanji."

Palibe anadya, tithokoze Mulungu, ndipo thireyi imene yalawa mtovu siibwereranso kukhitchini. Ndinagula yatsopano, n'kukapereka ndekha kwawo ku Bethesda nditavala jekete. Mayi Gondwe anailandira ndi manja awiri, anaikweza, anaitsitsa, ndipo atatsimikiza kulemera kwake ndi pomwe anandipatsa mpando.

Tsopano a Gary ayamba kuyenda ndi ndodo, ndipo akufunsa za mtovu wawo. Ndawauza kuti uli pabwino, wayengedwa, uli ku Bethesda. Sindinawauze kuti a Gondwe amatsekereza nawo chitseko cha kuseri, ndiponso kuti mlendo aliyense wochokera kumudzi amamuuza kuti atengepo keke imodzi. Poto uja ndawapempha kuti andibwerekenso. Ndaganizira nkhaniyi mofatsa, ndipo ndaona kuti vuto linali waya. Ulendo uno ndimanga ndi chingwe.