Kadzidzi wa a Pemphani

Kuno ku Kaliyeka ukamva munthu akupepesa nkhuku, unkadziwa kuti a Pemphani adzuka. Mkulu ameneyu ankapepesa chilichonse. Wakabaza atawagunda, iwo ali chigonere pansi anati, "Pepani achimwene, ndakuchedwetsani."

Atapuma ntchito yosankha fodya ku Kanengo, anayamba kuumba dongo ndi ana pakhonde pawo Loweruka lililonse. Masamba a mango ankawadinda padongo kuti mitsempha ioneke, njere za papaya zinali maso. Lamulo linali limodzi: umba chamoyo chimene unachiona wekha.

"Agogo, ndaumba mkango!"

"Unauona kuti?"

"Pafoni ya adadi."

"Pepa mwanawe, wa pafoni sitiumba. Pita ukaone chule kungalande uko."

Kamtsikana kena, Queen, kanaumba galu wofanana ndi mbatata. A Pemphani anamupepesa galuyo, namulonjeza miyendo sabata yamawa.

Tsoka linadza ndi Ezekiel, kamnyamata ka sitandade wani kamene kanali katangobwera kuchokera kuholide ku Dowa. Kanaumba kadzidzi, ndipo kanamutha! Poopa kuti agalu amugwetsa, a Pemphani anakamuyanika padenga lapafupi, la aneba awo, amayi Felesita.

M'mawa amayiwo kutuluka ndi tsache, maso ndi maso ndi kadzidzi.

"Faya! Mayo ine, akufuna ndani m'nyumba muno?"

Anzawo a mapemphero anafika ndi mchere. Anakuwa, anadzudzula, kadzidzi osauluka. Wina anamugenda, mutu n'kugwa.

"Onani! Mfiti yasanduka dothi!"

Apo n'kuti a Pemphani akufika, chipewa kumanja. "Pepani amayi, ndine ndinamuika. Ndimangophunzitsa anawa."

"Mwamva nonse? Avomera okha! Akuphunzitsa ana!"

Kunena zoona, tonse tinkadziwa kuti linali dongo la kudambo. Koma nkhani inali yokoma. Pampopi ankati kadzidziyo anaphethira. Nkhaniyo pofika ku Biwi, kadzidziyo anali atalankhula Chingerezi. Tinaseka mpaka nthiti kuwawa, komabe aliyense anauza mwana wake kuti, "Usakapondenso kumeneko." Mwina mwake, eti.

A Pemphani anayenda khomo ndi khomo kupepesa, ndipo kupepesa kulikonse kunkangoonjezera umboni. Loweruka ankakandabe dongo, kulivindikira ndi chiguduli chonyowa, n'kukhala pampando kuyang'ana kumsewu. Madzulo ankalithiranso madzi.

Anatisiya m'nyengo yozizira yapitayi. Pamaliro panalibe amene ananena za ufiti. Amayi Felesita ndiwo anaimba mokweza kuposa tonse, maso ali pansi.

Tsopano Loweruka kuno kuli zii. Ana amaunjikana pafoni imodzi, akuluakulufe timalambalala khonde lija ngati pali ngalande.

Dzana Ezekiel anandiimitsa panjira.

"Ankolo, kodi agogo aja anafa chifukwa cha kadzidzi wanga?"

"Ayi mwanawe, si chifukwa cha iwe."

"Nanga chifukwa cha ndani?"

Ine, wodziwa nkhani za nyumba iliyonse m'dera lino, ndinati minibasi ikundisiya.