A Binali Sankadziwa Njira Yachidule

M'mawa uliwonse akatuluka mumzikiti, a Binali ankapukuta belu la njinga yawo ndi kansalu, kuliliza pang'ono, n'kukaima padepoti ya Salima. Akabaza anzawo ankalimbirana anthu odziwa kumene akupita. A Binali ankadikira mlendo, uja amatsika basi n'kumayang'ana uku ndi uku. Akamupeza, tsiku la munthuyo latha basi, chifukwa a Binali sankadziwa njira yachidule.

Ine anandipeza tsiku limene ndinafika kuchokera kwathu ku Dowa, mwana wanga Layla ali kumsana. Amuna anga a Nasir anali ku Mbenji kukapha nsomba, ndipo pachilumba chija akazi sapondapo. Anangondiuza pafoni kuti nyumba ili kuseri kwa msika.

"N'pafupi, mwanangu, kwerani," anatero a Binali.

Tinafika dzuwa litapendeka. Anayamba nane kusiteshoni ya sitima. "Apa thonje linkaunjikana mpaka akhwangwala ankalizungulira, kulephera kudutsa pamwamba!" Kenaka kumasitolo akale a amwenye, kumene akuti bambo awo anagula nyale imene mpaka lero sinazimepo. Paliponse ankaima n'kunena kuti, "Apatseni moni awa." Ine manyazi, maso pazala zakumapazi.

"Awa ndi akazi a Nasir," ankawauza anthu. "Amalankhula ndithu, koma Lachisanu lokha."

Si ine ndekha. Mphunzitsi wina, a Binwell, anatumizidwa kukagwira ntchito ku Chitala. A Binali anakhotetsa njinga kulowera ku Lifuwu.

"Madala, pachikwangwani paja Chitala analoza kumbuyoku!"

"Chikwangwani chinabwera dzulodzuloli, aphunzitsi. Mukaphunzitsa bwanji ana a Salima musanaone mpunga uli m'madzi?"

A Binwell anafika ku Chitala mawa lake, atagona kwa a Binali, kathumba ka mpunga kali m'manja. Mpaka lero amati sanakwiyepo chotero, ndipo sanadyepo chotero.

Miyezi yoyamba ija ndinkangokhala m'nyumba. Wolankhula naye anali Layla, amene ankangondiyankha ndi malovu. Koma tsiku la msika belu linkalira pakhomo.

"Amake Layla! Mwadzivundikira ngati ndiwo zotsala. Tulukani!"

"Ndilibe kopita, agogo."

"Ndiye bwino. Amene ali ndi kopita amandivuta."

Ankandiperekeza akukankha njinga, Layla atakhala pachishalo. Ndi mmene ndinadziwira mayi Rukiya ogulitsa usipa, ndi mtengo wa bwemba umene a Binali ankalumbira kuti unawagwetsa mwadala ali mnyamata. Ndikaseka ankaloza kumwamba: "Alhamdulillah, ndipo lero si Lachisanu!"

Chaka chatha miyendo ya a Binali inayamba kutupa, njinga n'kuitsamiritsa kukhoma. Sanachedwe kutisiya.

Maliro a Chisilamu sagonetsa, ndipo manda ali pafupi ndi kwawo. Ife akazi tinatsala pasiwa, amuna n'kunyamula jeneza, chithatha cha maliro. Koma kutsogolo kunali akabaza. Atafika pamphambano anakhotera kumsika.

"Kumanda n'kuno!" anakuwa ashehe.

"Ashehe, munthuyu mukumudziwa," anayankha a Tahir, mnzawo wa padepoti. "Tikadzera yachidule atsika."

Akuti anadutsa kusiteshoni, kumasitolo a amwenye, mpaka pansi pa bwemba uja. Ife tili mkati molira, tinangoona jeneza likudutsanso pakhomo pomwe linachokera, ashehe ali pambuyo thukuta kamukamu. Mayi Rukiya anaseka misozi ili mbwee, tonse n'kutsatira.

Tsopano padepoti padzaza njinga zamoto. Zimakufikitsa usanamalize kutchula kumene ukupita. A Nasir abwereranso ku Mbenji. Tsiku la msika ndimasesa pakhomo mochedwa, khutu lili kumsewu, ngakhale ndikudziwa kuti kulibe belu. Ndinaona kuti ndayambanso kuyenda maso ali pansi, ndipo masiku ena pakamwa panga pamatsekuka pokhapokha ndikakalipira Layla.

Dzulo ndikuchokera kuchigayo ndinaona mtsikana padepoti, chikwama pamutu, khanda kumsana, akuyang'ana uku ndi uku. Ndinamudutsa. Ndinafika mpaka pogulitsa makala, n'kubwerera.

"Mukupita kuti, achemwali?" Mawu anga anatuluka ang'onoang'ono.

"Kwa a Chrispin opala matabwa. Akuti n'kuseri kwa msika."

"N'pafupi," ndinatero, n'kumulandira chikwama. Tinalowera kusiteshoni.

Pajatu tsiku lomaliza limene ndinawapititsira phala, a Binali sanalilawe n'komwe. Anandigwira dzanja, mawu akuvuta kutuluka.

"Amake Layla, ndikupempheni kanthu. Mukaona mlendo wasokonezeka, musamulozere ndi chala. Mperekezeni. Ndipo musafulumire kumufikitsa, akafika amakakhala yekha."