Chiliza cha Akazi Anga Chagona pa Mwini Bala

Wolemekezeka Bwana Mkulu wa Kampani Yojambula Mafilimu Oopsa Koma Oseketsa,

Ine ndine Wilfred Hebblethwaite, nkhalamba ya zaka 83, amene ndinakumba manda pa tchalitchi cha muno mu Nether Scarsby kwa zaka makumi anayi. Sukulu ndinalekezera ku pulayimale, ndiye zolakwika za m'kalata muno mundikhululukire monga ifenso tiwakhululukira amangawa athu.

Choyamba, zikomo posankha manda athu kuti mujambulirepo filimu ya akufa odzuka kukafuna tiyi. Mudzi wonse unalembedwa ganyu yokhala mitembo. Ine anyamata anu anangondiyang'ana kumaso nkunena kuti sindikufunika kupakidwa kalikonse. Chibadwire sindinayamikiridwepo chotere.

Chachiwiri, zikomo chifukwa cha magazi anu abodza opangidwa ndi manyuchi. Mavu a chigawo chonse cha Yorkshire tsopano amapemphera nafe Lamulungu lililonse, ndipo abusa afupikitsa ulaliki.

Chachitatu ndiye chandigwiritsa cholembera. Pofuna njira ya kamera, munazula ziliza khumi ndi zinayi nkuziunjika kuseri kwa tchalitchi. Mutamaliza munazibwezera mokongola zedi, zazitali kumbuyo, zazifupi kutsogolo, ngati ana asukulu pa chithunzi. Sindikutsutsa, manda akuoneka bwino. Kungoti chiliza cha malemu akazi anga, a Enid, mayi amene sanalawepo dontho la mowa moyo wawo wonse, chili pamwamba pa a Pickersgill, amene anali mwini bala. Ndinakumba ndine manda awiri onsewo, ndikudziwa. Maluwa amene mlongo wa a Enid amabweretsa akulandira ndi a Pickersgill, munthu amene pa moyo wake wonse sanapatsidwepo duwa ngakhale ndi mkazi wake.

Pamene pagona a Enid mwaikapo chiliza chanu cha siponji cholembedwa dzina la munthu amene sanabadwe. Kukaomba mphepo chimapita kukacheza kwa aneba.

Mwina muziti akufa sawerenga. Zoona, bwana, koma okumba manda a masiku ano amawerenga. Ndi achilendo, amabwera ndi thirakitala, ndipo amakumba pamene chiliza chawauza. Malo anga ndinasungitsa pambali pa a Enid, ndipo adokotala andiuza mwaulemu kuti ndisavutike kubzala mbatata chaka chino. Zikakhala chonchi ndikagona mpaka tsiku lachiweruzo pambali pa a Pickersgill, amene anandithamangitsa m'bala mwawo kasanu.

Ndakuimbirani foni kanayi. Mtsikana wa mawu okoma amandiuza kuti nkhani yanga ndi yofunika kwambiri kwa inu, kenako amandiikira nyimbo.

Choncho ndikupempha modzichepetsa: tumizani anthu awiri ndi wilibala ndikadali ndi chala cholozera. Koma ngati mwatanganidwa, musadzivute. Ndikafika kwa akufako ndikawafotokozera a Enid zonse, ndipo tidzabwera limodzi ku ofesi kwanuko. Ine ndimaseka, bwana. Iwo sankaseka.

Kapolo wanu wosayenera,
Wilfred Hebblethwaite