Tsiku Limene Mbuzi Zidadya Mizere Yanga

Mpaka lero ndikamadutsa pamsika wa Benga, pali anyamata ena a kabaza amene amalira ngati mbuzi. Sindicheuka. Ndaphunzitsa ana kuthamanga pasekondale ina ya kuno moyo wanga wonse, kuyambira ndili ndi tsitsi mpaka dazi lafika pankhongo, koma anthu amakumbukira tsiku limodzi lokha basi.

Chaka chimene ndinkapuma ntchito, mpikisano wa sukulu za dera lino udachitikira pabwalo lathu. Zaka zonsezo ndidali ndisanatumizepo mwana ngakhale mmodzi ku mpikisano wa boma lonse (ana anga liwiro ankalipeza akamva kuti lero tikukalima munda wa sukulu). Koma chaka chimenecho ndidali ndi Asiyatu, mtsikana wa Folomu 3 amene pozungulira bwalo ankasiya ndi anyamata omwe. Bambo ake, a Saidi, msodzi wosafuna zachibwana, adamulola kupikisana kamodzi kokha. Adati akapambana apitirize, akalephera Loweruka lililonse azikayanika usipa.

Ndiye laimu wolembera mizere sadabwere. Ahedi adati tingothira phulusa ngati kale. Phulusa, ine? Kukubwera sukulu za ku Dwangwa, ana ovala nsapato zothamangira, adzatipeze tathira za pamoto? Ndidakana mumtima. M'mawa mayi akunyumba atapita kumjigo, ndidanyamula thumba lawo la ufa wa chinangwa, longochokera kuchigayo dzulo lake, n'kulimanga panjinga. Ndidadzera kanjira kakuseri kwa makalasi kuti anthu asandione.

Abale, mizere yake! Yoyera mbee, yowongoka, moti mphunzitsi wina wa ku Dwangwa adandifunsa kuti laimu wotereyu ndimagula kuti. Ndidangomwetulira.

Zidayamba ndi nkhuku. Sindidade nkhawa, nkhuku imadya pang'ono. Koma dzuwa litakwera ufa uja udayamba kununkha, ndipo amene adadyapo kondowole akudziwa kuti fungo lake silibisika. Idabwera mbuzi imodzi, idanyambita, n'kupita. Ndikukhulupirira kuti idakauza zinzake, chifukwa posakhalitsa mbuzi za mudzi wonse zidali pabwalo, iliyonse yagwira mzere wake, kutsata bwinobwino osalowerera wa inzake (chinthu chimene ana a Folomu 1 ndidalephera kuwaphunzitsa). Anyamata a liwiro lalifupi adathamanga akudumpha mbuzi. Ndidatuma ana kuti azithamangitse, zidangosamukira kokhota kwa tsidya lija n'kupitiriza kudya.

Nthawi ya atsikana ozungulira bwalo kamodzi idakwana. A Saidi adali chilili pansi pa mtengo wa mango, manja kumbuyo. Ndidamukumbutsa Asiyatu lamulo langa la masiku onse: maso pamzere woyera, osayang'ana munthu, osamvera phokoso, osaima mzere usanathe.

Wezulo italira mwana adauluka. Pofika kokhota kwa tsidya lija anzake adali kutali kumbuyo, ine ndikuvina kale. Koma kumeneko mbuzi zidali zitaseseratu. Udatsala mzere umodzi wokha, woonda, wolowera kuseri kwa makalasi. Thumba lija lidali lobooka pansi, ndipo m'mawa lidabwera likudontha njira yonse.

Asiyatu adautsata. Bwalo lonse lidakuwa, iye osamvera phokoso, monga ndidamuphunzitsira. Ndidamuthamangira ndikuimba wezulo, mimba patsogolo, mawondo akulira. Tidadutsa makalasi, zimbudzi, munda wa ahedi. Ndidamupeza ataima pakhonde panga penipeni, akupuma wefuwefu, pamaso pa mayi akunyumba amene adali atanyamula lichero lopanda kanthu.

Mayi adayang'ana mzere uja, kenako malaya anga oyera ndi ufa.

"Abambo a Chikondi, masana ano mukadya kubwalo komweko."

Oweruza sadavutike n'kukambirana. Adati wotuluka pabwalo watuluka, ndipo adapambanitsa mtsikana wa ku Dwangwa amene adafika akuyenda. Ndidapita kwa a Saidi kukapepesa, ndikufotokoza za laimu, za thumba, za mbuzi. Adandimvetsera mwaulemu mpaka ndidamaliza, kenako adauza mwana wawo kuti atenge nsapato azipita.

Asiyatu sadalire. Adangondiyang'ana n'kunena motsitsa mawu:

"Koma aphunzitsi, ine sindinatuluke mumzere."

Zoona, sadatuluke. Mawu amenewo amandiwawabe kuposa kunyozedwa ndi anyamata onse a pamsika.

Chaka chino mphunzitsi amene adalowa m'malo mwanga adabwera kudzapempha nzeru, akuti laimu wachedwanso. Ndidamuuza kuti athire phulusa, asachite manyazi. Koma atafika pampanda ndidamuitananso, mayi asakumva, n'kumunong'oneza kuti akafuna mizere yooneka bwino palibe choposa ufa wa chinangwa, bola ayambe waona pansi pa thumba.