Tsiku Limene Ndinafunditsa Magazi

Akuluakulu amati chifundo chinapha nkhwali. Changa sichinaphe munthu, koma chinatsala pang'ono, ndipo ndikachikumbukira ndimachitabe manyazi.

Inali sabata yanga yachiwiri pantchito yonyamula magazi pa njinga yamoto, kuwachotsa kuchipatala chaching'ono cha kumudzi kupita nawo ku labotale ya mumzinda wa Lichinga. Tsiku lotiphunzitsa ndinalipo ndithu, koma ankalankhula Chipwitikizi cha m'mabuku, ine n'kumangogwedeza mutu (kugwedeza mutu ndiye ndimakutha kwabasi).

M'mawa umenewo a Saide, namwino wa pachipatalacho, anandipatsa kolimani, bokosi lozizira lija. Munali timabotolo ta magazi khumi ndi tiwiri ndi mapaketi a madzi oundana.

"Awa ndi a karga virali, achimwene, oyezera kuchuluka kwa HIV m'thupi. Musaime panjira."

Unali mwezi wa Juni. Amene anakhalapo ku Lichinga akudziwa kuzizira kwake, zala zimakana kugwira buleki. Nditayenda pang'ono ndinayamba kuganiza, ndipo apa ndi pamene zinayambira kulakwika. Magazi m'thupi amakhala ofunda. Nanga awa, ochokera mwa anthu odwala kale, alakwa chiyani kuti akhale pa ayezi kunja kukuzizira chonchi? Ndinaima, ndinatulutsa timabotolo tonse, ndinatikulunga mumpango n'kutilowetsa m'thumba la m'kati mwa jekete, pamtima penipeni. Ndinadzimva kuti ndine munthu wabwino.

Kenaka tayala linaphwa. Ndinakankha njinga mpaka kwa mkulu wina womata matayala, yemwe anali atasonkha mbaula. Guluu analibe, anachita kukabwereka kumudzi wina. Ine ndinakhala pambaulapo n'kumadya batata yootcha, jekete nditalitsegula kuti moto uwafikirenso odwala anga. Dzuwa linakwera, linatentha, linapendeka. Mu Lichinga ndinalowa anthu akuweruka.

Dona Zainabu, amene amayeza magazi ku labotale, anatsegula kolimani n'kupezamo madzi okhaokha.

"Senyoro, magazi ali kuti?"

Ndinawatulutsa pachifuwa monyadira. Mayiwo anatenga kabotolo kamodzi, anakagunditsa patsaya, n'kukaika pathebulo modekha. Bola akanandikalipira.

"Khalani pansi," anatero. "Makina athu sawona munthu. Amawerenga tiulusi ta kachilombo, timene timati RNA. Tiulusi timeneti tikatenthedwa nthawi yaitali timaduka. Makina amawerenga timene apeza basi. Akapeza tochepa, adokotala amauza wodwala kuti mankhwala akugwira ntchito, chikhalirecho kachilombo kakuswana. Magazi amafuna kuzizira, osati kuundana, ndipo afike msanga kuti tipatule madzi ake. Awa ndikawayeza anama. Onse ndikutaya."

Ndinkaganiza kuti kutentha kungachulukitse kachilombo, ndiye mwina wodwala n'kungoopsezedwa chabe. Sindinkadziwa kuti kukhoza kukabisa. Bodza lokoma ndi limene linandiopsa, chifukwa palibe amene amabwerera kuchipatala kukatsutsa uthenga wabwino.

M'mawa mwake a Saide anaitananso anthu onse. Khumi ndi mmodzi anali apafupi. Wotsalayo anali mayi woyembekezera, wa mimba ya miyezi isanu ndi itatu, wokhala kutali, ulendo wa maola atatu wapansi. Zotsatira zake zinkafunika asanachire, kuti achipatala adziwe momwe angatetezere mwana kuti asatengere kachilombo. Pafoni mayiwo anati miyendo yatupa, sangayendenso kachiwiri, koma njinga ikabwera akwera. A Saide anangondiyang'ana.

Tsiku lotsatira ndinakawatenga mayiwo nkhungu isanachoke. Ndinkayendetsa pang'onopang'ono, kuzemba dzenje lililonse. Tili pakati pa minda ya nyemba anandifunsa.

"Akuti magazi anga anawonongekera panjira. Anawononga ndani?"

Ndikanatha kunamizira tayala. Linalidi ndi mbali yake.

"Ndine, mama. Ndinawamvera chisoni ndi kuzizira, ndiye ndinawafunditsa mujekete."

Ndinayamba kulakalaka tayala litaphwanso. Kenaka ndinamva akuseka kumsana kwanga, koma kuseka kwake kunali kosakanikirana ndi kunjenjemera. Anali atangofunda kapulana imodzi, nsalu yopyapyala, mphepo yonse ya panjinga ikuthera pa iwo.

"Jekete lake ndi lomweli?"

"Ndi lomweli, mama."

"Ndiye imani. Magazi amene amamva kuzizira ndi amene adakali mwa ine."

Ndinaima, ndinavula jekete n'kuwapatsa. Ola lathunthu ndinali nditawanyamula osaganizako zimenezo, ine yemwe dzana ndinamvera chisoni timabotolo.

Magazi awo achiwiri anafika mu Lichinga ali ozizira bwinobwino, dzuwa lisanafike paliwombo. Anafika pamodzi ndi ine, wozizira kuposa iwo, chifukwa jekete sindinalimbe mtima kuliitanitsa.