Mmene ndinachepetsera minda ya ku Dambe

Mpaka lero ndikamva fungo la mvula yoyamba ndimakumbukira tchimo langa. Ena amaba minda posuntha malire ndi khasu. Ine ndinalanda minda ya anthu ndili khale pampando, mu ofesi yathu pa Boma.

Ndimagwira ntchito ya makompyuta ku kabungwe kogawa mbewu ya mtedza kwa alimi a ku Dambe. Mayina awo ndi kukula kwa minda yawo timasunga mu detabesi, nkhokwe ya pakompyuta. Pulogalamu yathu imayenda pa maseva awiri, makompyuta akuluakulu, ndipo ndikatumiza yatsopano, seva iliyonse imadzuka yokha n'kuyamba yasintha kaye zofunika kusintha mu detabesimo. N'chifukwa chake pamakhala loko: yoyamba kufika imatseka chitseko, inzake imadikira panja ngati kuchimbudzi.

Tsiku lina magetsi anazima seva ili mkati. Loko inakhala chitsekere, ntchito n'kuima tsiku lonse. Ine ndi phuma langali (mayi anga amati ndinabadwa azamba asanasambe m'manja) ndinangoichotsa lokoyo. Maseva angadzuke onse awiri nthawi imodzi? Bodza!

Kenako a Zulu, mkulu wa ofesi, anati, "Achimwene, otithandiza akufuna mahekitala, osati maekala. Musinthe tisanagawe mbewu Lachisanu."

"Kantchito kamphindi zisanu ako, bwana."

Ndinadina batani. Maseva onse anadzuka limodzi, iliyonse n'kuona kuti ntchitoyo sinachitike. Yoyamba inasandutsa maekala kukhala mahekitala. Yachiwiri inatenga mahekitalawo n'kuwasandutsanso. Pa sikirini zonse zinali zobiriwira kusonyeza kuti zayenda bwino, ine n'kupita kukadya tchipisi, ndikuimba mluzu.

Mbewu timagawa potengera kukula kwa munda. Lachisanulo matumba anatsala mulu, a Zulu n'kukondwa, n'kuwatumiza kudera lina kumene anaperewera. Loweruka mvula inagwa yodzalira.

Lolemba kunabwera a Nambewe, mayi wamasiye, pakabaza, kathumba kambewu ndi pepala lolandirira mbewu zili m'manja.

"Mwana wanga, munda wanga ndi maekala asanu. Malemu amuna anga anayeza ndi chingwe. Pepalali likuti bwanji?"

Limayenera kunena mahekitala awiri. Linali kunena kuti mundawo sukwana ngakhale hekitala imodzi.

"Kompyuta sinama, amayi," ndinatero (pakamwa pangapa, Mulungu andikhululukire).

"Ndiye munda winawo wapita kuti? Ndaulima ndekha wonse, mizere ikungodikira."

Ndinatsegula mayina ena. Aliyense chimodzimodzi. Ndinathamangira kwa bwana. Nditaulula, a Zulu sanakalipe. Anavula magalasi n'kufunsa, "Loko ija munaichotsa ndinu?" Bola akanandimenya.

Manambala ndinawabweza m'mphindi khumi kuchokera pa zimene tinasunga kale. Mbewu ndiye sibwera ndi batani. Kumene inapita anali atadzala kale, ndipo ina inapezeka patatha masabata atatu. Mtedza wochedwa kudzala aliyense amaudziwa mathero ake.

Loko ndinaibwezera, yoti magetsi akazima imadzimasula yokha, zomwe ndikanachita poyamba pomwe ndikanakhala ndi mutu. Ndinapempha kuti thumba la a Nambewe ndikapereke ndekha, ndikapepese. Ndinawapeza kumunda. Mbali imodzi mtedza unali utamera bwino, kwina konseko mizere ili gwa, udzu wokhawokha. Ndinatula thumbalo patsogolo pawo.

Anayang'ana thumbalo, n'kuyang'ana ine.

"Mwabwera, a kompyuta? Yezani nokha. Mwina lero munda uja wabwerera."